Katswiri Akamaliza Gawo Lake: Mmene Mungathandizire Mwana wa Chibwibwi Pakhomo ndi Kusukulu

Tsiku limene katswiri wa kalankhulidwe amauza kholo kuti mwana sakufunikanso kumabwera mlungu uliwonse limakhala la chimwemwe chosakanikirana ndi mantha. Chimwemwe chimabwera chifukwa maulendo a pa kombi opita m'tauni atha, madola amene ankapita kwa katswiri apuma, ndipo mwana amene mawu ankamukakamira pakhosi tsopano akutha kufotokoza nkhani mpaka kumapeto. Mantha amabwera usiku womwewo, mwana akangobwereza chilembo kawiri popempha madzi, pakuti kholo limayamba kuganiza kuti khama lonse lija lalowa m'madzi. Malangizo awa ndalembera makolo, agogo, azakhali ndi amalume a kwathu amene tikukhala muno mu Harare, ku Mufakose, ku Mbare, ku Dzivarasekwa, ku Mabvuku, ku Epworth ndi madera ena, ndipo ambiri mwa malangizowa ndawaphunzira polera mwana wa mchemwali wanga, amene wakhala m'nyumba mwanga kuyambira ali ndi zaka 4.

Chinthu chofunika kuchiteteza kwambiri chithandizo chikatha ndi mtima wofuna kulankhula umene mwanayo ali nawo. Mwana amene akuchitabe chibwibwi pang'ono koma akukweza dzanja m'kalasi, akukangana ndi abale ake za mpira wa Dynamos ndi CAPS United, ndiponso akupita yekha kukagula buledi, ali pabwino kuposa mwana amene chibwibwi chake sichikumvekanso chifukwa chakuti wasanduka wachete. Makolo timakonda kuyeza ndi khutu lokha, ndipo m'nyumba mukakhala zii timaganiza kuti tapambana.

Musanatsanzikane ndi katswiri

Pa ulendo womaliza musapite kukangothokoza basi. Pemphani katswiri kuti akulembereni pa pepala, m'mawu osavuta, njira zimene mwana waphunzira pamodzi ndi mayina amene mwanayo amazidziwira, chifukwa ana amapatsidwa mayina awoawo a njirazi, monga kulankhula kosalala kapena kuyamba mofewa, ndipo inu mukamatchula zina mwana sangazindikire chimene mukunena. Funsani nthawi zoyenera kumukumbutsa njirazo, kangati pa tsiku, ndi zizindikiro zimene zikaoneka muyenera kuimba foni osadikira. Pemphaninso kalata yaifupi yopita kwa aphunzitsi. Ngati n'kotheka, pangananani tsiku lodzaonedwanso patapita miyezi 3 kapena 6, ngakhale zinthu zikhale zikuyenda bwino.

Pa njira zina, nthawi yolondoloza imeneyi ndi mbali ya chithandizo chenichenicho. Njira ya Lidcombe, imene inayambira ku Sydney m'dziko la Australia ndipo inakonzedwera ana osapitirira zaka 6, ili ndi gawo lachiwiri lotenga pafupifupi chaka chathunthu, pamene maulendo opita kwa katswiri amatalikirana pang'onopang'ono, ndipo cholinga chake ndi kugwira chibwibwi chikangoyamba kubwerera. N'kosavuta kusiyira pa gawo loyamba poona kuti mwana akulankhula bwino ndipo m'thumba mwauma, koma ngati ndalama zavuta, ndi bwino kumuuza katswiri poyera kuti mukambirane za kutalikitsa maulendo kusiyana ndi kungosowa osatsanzika.

Chibwibwi chimapita n'kubweranso

Pafupifupi ana 5 pa 100 alionse amachita chibwibwi pa nthawi ina ya ubwana wawo, ndipo nthawi zambiri chimayamba pakati pa zaka 2 ndi 5. Ambiri mwa iwo, pafupifupi 3 mwa 4 alionse, amasiya asanakule, moti mwa akuluakulu amatsala pafupifupi munthu 1 pa 100. Chimakakamira kwambiri anyamata, ana amene kwawo kuli wachibale amene anakula nacho, ndi ana amene akhala nacho kupitirira chaka. Chimayenda m'magazi: mu 2010 gulu la ofufuza a ku America lotsogozedwa ndi Dennis Drayna linapeza kusintha kwa majini ena m'mabanja a ku Pakistan amene anali ndi anthu ambiri achibwibwi, ndipo pambuyo pake linapeza zofanana m'banja lalikulu la ku Cameroon. Gwero lake lili m'mene ubongo umayendetsera milomo, lilime ndi mpweya pa nthawi yolankhula. Choncho mayi amene amadziimba mlandu kuti mwina anakalipira mwana kwambiri ali wamng'ono apumule, ndipo abambo amene amaletsa ana awo kusewera ndi mwana wachibwibwi poopa kuti atengera aleke, chifukwa chibwibwi sichipatsirana pomvera kapena potsanzira.

Chimene chimasokoneza makolo ndi kusinthasintha kwake. Mwana akhoza kutha milungu 6 akulankhula mosadodoma, kenako n'kudzuka Lolemba lina mawu akukana kutuluka. Kutopa, chimfine, chisangalalo cha Khrisimasi, kubadwa kwa khanda, maliro m'banja, kutsegulira kwa sukulu, ngakhale kusamuka nyumba, kumene ife ochita lendi timakudziwa bwino, zonsezi zingachikweze kwa masiku angapo. Kukwera kotere sikutanthauza kuti chithandizo chinalephera.

Pofuna kusiyanitsa tsiku loipa ndi kubwerera kwenikweni, gulani kope laling'ono la masamba 32 ndipo madzulo aliwonse muzilemba nambala imodzi yofotokoza tsiku lonse. Muyezo wa Lidcombe umayambira pa 0, kutanthauza kuti panalibe chibwibwi, kenako 1 pa chochepa kwambiri, mpaka 9 pa chachikulu kwambiri. Ine ndinawonjezera mzere wachiwiri umene ndimauona wofunika kuposa woyambawo: lero mwana walankhula ndi ndani kunja kwa nyumba? Pambali pake lembani ngati panali chachilendo, monga kudwala kapena alendo. Kopeli musalidzaze mwana akuona ngati mukumulembera mlandu, ndipo kamodzi pa mwezi mujambuleni ndi foni kwa mphindi ziwiri kapena zitatu akusewera kapena akufotokoza nkhani, mutamupempha kaye ngati ali wamkulu moti angamvetse. Chibwibwi chili ndi khalidwe lobisala pa tsiku limene mwapita kwa katswiri, ndiye kanema wa pakhomo amakuchitirani umboni.

Mphindi 5 za mwana yekha

Ku London kuli malo othandiza ana achibwibwi otchedwa Michael Palin Centre, amene anatsegulidwa mu 1993, ndipo njira yawo imapempha kholo kupatula mphindi 5 zokha, katatu mpaka kasanu pa mlungu, zokhala ndi mwanayo payekha. Zimamveka zazing'ono, koma yesani m'nyumba ya zipinda ziwiri momwe muli ana anayi, wailesi ikulira ndipo mphika uli pamoto, mudzaona kuti n'zofunika kukonzekera. Ife tinapeza nthawiyi magetsi akazima, titakhala pakhonde tikukonza galimoto ya waya. Ena angaipeze pa bawo, posadzula ndiwo zamasamba kapena poyenda kukatunga madzi ku mjigo.

Pa mphindi zimenezi mwana ndiye amasankha chochita, ndipo inu mumatsatira. Chepetsani mafunso, pakuti funso lililonse limafuna yankho lamsanga, m'malo mofunsa kuti, "Galimotoyi ikupita kuti, yanyamula chiyani, woyendetsa ndani?" mungonena kuti, "Yanyamula katundu wambiri lero," n'kukhala chete. Mwana akamaliza kulankhula, dikirani kamphindi musanayankhe, ndipo lankhulani mosathamanga, monga amalankhulira mkulu pa bwalo. Mwana amatengera liwiro limene akulimva mosavuta kuposa liwiro limene akulamulidwa. Nthawiyi si ya homuweki, si yofunsa za malaya ong'ambika, ndiponso si yoyeserera njira za katswiri pokhapokha ngati katswiriyo anatero.

Kumvetsera kwa banja lonse

Mawu amene amatuluka okha m'kamwa mwathu tikaona mwana akuvutika ndi awa: "Puma kaye," "Meza malovu," "Yambiranso," "Lankhula bwino." Timawanena mwachikondi, koma chimene mwana amamva ndi chakuti tikuyang'ana kalankhulidwe kake osati nkhani yake. Chimodzimodzinso kumumalizira mawu: nthawi zina timamaliza molakwika, ndipo iye amavomera zimene sanafune kunena pongofuna kuti zithe. Chofunika ndi kudikira ndi nkhope yomasuka, kenako kuyankha zimene wanenazo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mabuku ambiri a kunja amalangiza kuyang'anana m'maso, ndipo apa pakufunika nzeru zathu. Mwana woleredwa mwa Chichewa amaphunzitsidwa kugwada kapena kunjuta ndi kutsitsa maso polankhula ndi wamkulu, ndiye musamukakamize kukuyang'anitsitsani ngati kuti ulemu wake ndi matenda. Udindo uli kwa wamkulu: musatembenukire kumbali, musayang'ane pa foni, musagwetse nkhope mwachisoni pamene iye wakakamira pa mawu. Koma phunzirani kusiyanitsa kutsitsa maso kwa ulemu ndi kutsinzina kapena kubisa nkhope kwa manyazi, chifukwa kwachiwiriku n'kofunika kukulemba m'kope lija.

Ovuta kuwasintha ndi akuluakulu a m'banja, ndipo sungawalangize monga umalangizira mwana. Kwathu amayi anga ankati mwana akangodoma, iwo amvekere, "Iwe, tafulumira, nsima ikuzizira." Sindinawatsutse pamaso pa ana. Ndinadikira tili awiri n'kuwauza kuti, "Amayi, adokotala aja anapempha kuti tonse tizimudikira amalize yekha. Mdzukulu wanuyu amamvera inu kuposa tonsefe, ndiye mukayamba inu, enafe titsatira." Anavomera chifukwa ndinawapatsa udindo, ndipo iwo ndi amene pambuyo pake ankaletsa ana ena kumudula mawu.

Pa chakudya chamadzulo khazikitsani lamulo la onse, osati la mwana mmodzi, lakuti wina akamalankhula ena adikire. Nthano zathu zili kale ndi dongosolo limeneli: wina akati "Padangokhala," onse amayankha "Tili tonse," ndipo palibe amene amalanda nthano ya mnzake isanathe. Mupatseni mwanayo mpata wake wosimba. Mudzaonanso kuti poimba kapena ponena mawu pamodzi ndi anzake chibwibwi chimachepa kwambiri kapena kusowa, ndipo zimenezi n'zodziwika kwa achibwibwi pa dziko lonse. Asapezeke wina wonena kuti, "Poimba kwaya sachita, ndiye amachitira dala."

Mawu ovuta kuposa onse kwa achibwibwi ambiri ndi dzina lawo lomwe, chifukwa dzina silingasinthanitsidwe ndi mawu ena. Tsono mlendo aliyense wofika pakhomo, mwana akangogwada kupereka moni, funso loyamba limakhala, "Dzina lako ndani, uli giredi chani?" Auzeni alendo mwakachetechete asanakhale pansi kuti mwanayu nthawi zina amatenga kanthawi, ndipo amudikire. Musamuyankhire, ndipo wina akaseka n'kunena kuti, "Waiwala dzina lako?" yankhani inuyo modekha kuti sanaiwale, akubwera nalo.

Zimene sizimveka ndi khutu

Madzulo ena magetsi atazima ndinamutuma mwana wa mchemwali wanga uja, ali ndi zaka 8, kukagula makandulo awiri pa kagolosale ka pakona. Anabwera ndi machesi, n'kunena kuti makandulo atha. Mawa lake ndinadutsa pomwepo ndipo makandulo anali mbwee pa shelefu. Ndinatsala pang'ono kumukalipira chifukwa cha bodza, koma ndinakumbukira kuti mlungu wonsewo mawu okhala ndi "ka" ankamukakamira. Anafika pa zenera, kumbuyo kwake kuli mzere wa anthu, anaona kuti mawu satuluka, ndipo anatchula chinthu chimene chinali chosavuta kutchula. M'kope langa mlungu umenewo munali manambala otsika okhaokha, ndipo ine ndinkanyadira.

Katswiri wina wa ku America, Joseph Sheehan, anayerekeza chibwibwi ndi phiri la madzi oundana loyandama m'nyanja, limene mbali yake yaikulu imabisika pansi pa madzi. Ife amene makolo athu anachokera m'mbali mwa Shire tingayerekeze ndi mvuu: pamwamba pamaoneka makutu ndi maso okha, thupi lonse lili pansi. Chobisikacho ndi manyazi, mantha, kusintha mawu, kunamizira kuiwala yankho, kukana kutumidwa ndi kusiya kuyankha foni. Chithandizo chikatha, mbali imeneyi ndi imene ingakule mwakachetechete, makamaka mwana akazindikira kuti akuluakulu amakondwa pa masiku osalala okha.

Njira yochepetsera zimenezi ndi kuchitchula chibwibwi ndi dzina lake m'nyumba, monga timatchulira mphumu kapena magalasi a maso. Usiku umenewo ndinamuuza kuti, "Ndikuganiza kuti mawu aja anakukakamira dzulo. Zimachitika, ndipo sindinakwiye. Mawa tipitire limodzi, ine ndikaima pambali, iwe ukanene ngakhale zitenge nthawi." Poyamikira, yamikirani kulimba mtima ndi nkhani yake: "Wafotokoza bwino za mpira uja," kapena, "Mawu aja anali olimba koma sunawathawe." Kuyamikira kusalala kuli ndi malo ake, makamaka kwa ana aang'ono amene ali pa njira ya Lidcombe, koma kuchitike monga katswiri anakuphunzitsirani, mosapyola muyezo.

Kwa mwana wa zaka 7 kupita m'mwamba, amene anaphunzitsidwa njira monga kuyamba mawu mofewa, kugunditsa milomo mopepuka kapena kutuluka pang'onopang'ono m'mawu amene akakamira, kumbukirani kuti kugwiritsa ntchito njirazi tsiku lonse n'kotopetsa, monga kuyenda mtunda wautali utasenza chidebe chodzaza osafuna kutaya dontho. Gwirizanani naye nthawi yoyeserera, mwina mphindi 10 asanagone, ndi chizindikiro chamseri chimene iye wavomereza kuti muzimukumbutsira. Kunja kwa nthawiyo msiyeni alankhule. Kenako kwerani naye makwerero: ayambe ndi inu, kenako atumize uthenga wa mawu pa WhatsApp kwa agogo ake ku Dedza kapena kwa abambo ake amene ali ku Johannesburg, kenako aimbe foni yeniyeni, kenako akagule kanthu inu muli pambali, kenako yekha. Pamwamba pa makwerero athu panali kuuza hwindi (kondakitala) malo otsikira m'kombi yodzaza, injini ikulira ndipo anthu onse akumva. Zinatitengera miyezi, ndipo tsiku loyamba anachita chibwibwi, koma kombi inaima.

Chichewa, Chishona ndi Chingerezi

Ana athu muno amakula ndi zilankhulo zitatu: Chichewa kwa agogo ndi kutchalitchi, Chishona pabwalo, Chingerezi m'kalasi. Pamakhala anthu olangiza kuti mwana wachibwibwi asiye chimodzi, ndipo chimene chimasankhidwa kuti chitayidwe nthawi zonse ndi chathuchi. Kudziwa zilankhulo zingapo si kumene kumabala chibwibwi, ndipo kumulanda mwana chilankhulo cha agogo ake ndi kumuchepetsera anthu olankhula nawo, pamene ife tikufuna achuluke. Chichewa ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zovomerezeka m'malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013, ndiye palibe chochititsa manyazi.

Chimene muyenera kuchita ndi kumvetsera ngati chibwibwi chikusiyana pa zilankhulozi, pakuti nthawi zambiri chimakula m'chilankhulo chimene mwana sakuchidziwa bwino, ndipo pamenepo chofunika ndi mawu ochuluka ndi nthawi yokwanira. Ngati chithandizo chinachitika m'Chingerezi kapena m'Chishona, yesererani njira zomwezo m'Chichewa pakhomo. Onaninso kalumphidwe kake: kusakaniza zilankhulo ndi khalidwe la mwana aliyense wa mu Harare, koma mukaona kuti amalumphira ku Chishona pa mawu omwewo nthawi zonse, atayamba wadodoma kaye, mwina akugwiritsa ntchito chilankhulo ngati pobisalira.

Kusukulu

Pitani mukaonane ndi aphunzitsi pamaso m'milungu iwiri yoyambirira ya Januwale, ndipo mubwerezenso mwachidule teremu ikamayamba mu Meyi ndi mu Sepitembala. Nkhaniyi musailembe pa gulu la WhatsApp la makolo. Kumbukirani kuti mphunzitsi wa m'masukulu athu a m'malokeshoni ali ndi ana ochuluka, ndipo kwina amalowa mosinthana m'mawa ndi masana, choncho pemphani zinthu zochepa zimene angathe kuzikumbukira. Choyamba ndi cha kuitana mayina: mwana aloledwe kukweza dzanja pamene akuyankha, kuti asalembedwe kuti sanabwere chifukwa mawu anachedwa. Chachiwiri ndi cha kuwerenga mokweza: kudikira mzere wonse kumakulitsa mantha, moti mwana amakhala akuwerengera ndime yake osamva chilichonse, ndiye ndi bwino aitanidwe koyambirira, kapena awerenge pamodzi ndi mnzake, kapena auzidwiretu ndime yake dzulo lake. Chachitatu ndi chakuti asachotsedwe pa zolankhula. Mphunzitsi wachifundo amene amangomudumpha pofuna kumuteteza amamuphunzitsa mosadziwa kuti mawu ake ndi osafunika. Mufunseni mwanayo zimene akufuna musanapite, chifukwa ena amafuna kuti anzawo auzidwe ndipo ena safuna.

Ngati pakufunika thandizo loposa apa, Unduna wa Maphunziro a Pulayimale ndi Sekondale uli ndi nthambi yoona za umoyo wa ophunzira ndi ana ofunika chithandizo chapadera, ndipo njira yofikira kumeneko ndi kudzera kwa mphunzitsi wamkulu ndi ofesi ya maphunziro ya m'dera lanu. Tsiku la 22 Okutobala, limene kuyambira mu 1998 limakumbukiridwa pa dziko lonse ngati tsiku lodziwitsa anthu za chibwibwi, limagwa mkati mwa teremu yachitatu, ndipo lingapatse mphunzitsi chifukwa chokambira nkhaniyi m'kalasi popanda kuloza mwana aliyense.

Za kunyozedwa musadikire kuti mwana adzanene yekha. Ana a pabwalo adzamutsanzira, adzamupatsa dzina lochokera ku kukakama monga amanenera Ashona, ndipo iye adzabisa. Mufunseni mwa mbali, monga, "Alipo amene amatsanzira ena kalankhulidwe m'kalasi mwanu?" Yeserani naye yankho lalifupi limene angalinene m'chilankhulo cha pabwalo, lotanthauza kuti, "Inde, ndili ndi chibwibwi, tandidikira." Kunyoza kukapitirira, ndi udindo wa sukulu kuchitapo kanthu, ndipo mwana wamkulu adziwenso kuti nambala ya Childline, 116, ndi yaulere.

Kwa mwana amene wafika pofunsa ngati adzathe kugwira ntchito yolankhula pa gulu, muuzeni zoona. Mfumu George VI ya ku Britain inayamba kuthandizidwa ndi Lionel Logue mu 1926 ndipo inapitiriza naye kwa zaka zambiri, ndipo mu 1947 inatsegulira nyumba ya malamulo mu mzinda uno ukadali Salisbury, chibwibwi chisanaithere. Joe Biden, amene anasankhidwa kukhala pulezidenti wa America mu 2020, wakhala akunena poyera za chibwibwi chake cha kuyambira ubwana.

Kutchalitchi ndi kwa olonjeza machiritso

Ku Sande sukulu kapena ku madrasa kumakhala kuloweza ndi kunena pamtima pamaso pa anthu. Pemphani kuti mwana anene vesi lake pamodzi ndi mnzake poyamba, kenako payekha akakonzeka. Pemphero la banja limatonthoza, ndipo palibe choletsa, koma musalole kuti mwana aimikidwe kutsogolo kwa mpingo ngati wogwidwa ndi mzimu woipa n'kulamulidwa kulankhula kuti anthu aone chozizwitsa, pakuti chibwibwi chikabwerera mawa lake adzadziona ngati wokanidwa ndi Mulungu yemwe. Pa Eksodo 4 Mose anadandaula za kulemera kwa pakamwa ndi lilime lake, ndipo anatumidwabe kwa Farao. Dziwaninso kuti palibe mapiritsi kapena zitsamba zovomerezeka zochiza chibwibwi, ndipo kudula kamnofu ka pansi pa lilime sikuchithetsa, chifukwa gwero lake silili pamenepo.

Nthawi yobwerera kwa katswiri

Bwererani ngati manambala a m'kope akwera n'kukhala pamwamba kwa milungu 2 kapena 3 popanda chifukwa chooneka, kapena ngati mtundu wa chibwibwi wasintha, kuchoka pa kubwereza kopepuka kufika pa kukoka mawu ndi kutsekeka kumene mpweya umaima ndipo pakamwa pamauma. Bwererani mukaona kuphethira kwamphamvu, kugwedeza mutu, kuponda pansi kapena kudzimenya pa ntchafu pofuna kukankha mawu. Bwererani msanga kwambiri ngati mzere wachiwiri wa kope lija wayamba kukhala wopanda kanthu, ndiye kuti mwana akukana kutumidwa, akudwala m'mimba m'mawa uliwonse wa sukulu, kapena wanena yekha kuti, "Sinditha kulankhula." Koma ngati kulankhula kwasokonekera mwadzidzidzi pambuyo pa kugwa, kumenyedwa m'mutu, kukomoka kapena matenda aakulu, kapena kwabwera pamodzi ndi kufooka kwa mkono kapena nkhope, imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala tsiku lomwelo.

Ngati katswiri wakale anasamuka, monga achitira ambiri, yambirani ku kiliniki ya khonsolo ya m'dera lanu kuti mupatsidwe kalata, ndipo funsani za dipatimenti yothandiza ana pa chipatala cha Sally Mugabe, chimene ambiri timangoti Pagomo, ku Parirenyatwa, kapena ku St Giles ku Milton Park. Imbani kapena pitani kaye nokha kukafunsa masiku amene katswiri wa kalankhulidwe amapezeka musanachotse mwana m'kalasi. Nanunso kholo, nkhawa ikakulemerani moti simukugona, m'makiliniki ambiri a mu mzinda muli agogo a Friendship Bench, ntchito imene Dr Dixon Chibanda anaiyambitsira ku Mbare, amene anaphunzitsidwa kumvetsera anthu oganiza kwambiri.

Pali nthawi imodzi imene ndikulangiza kubwerera ngakhale zonse zili bwino, ndiyo pakati pa mayeso a ZIMSEC a Giredi 7 ndi kuyamba Fomu 1. Ku sekondale mwana amakumana ndi aphunzitsi ambiri m'malo mwa mmodzi, anzake atsopano amene sanazolowere kumudikira, ndi tsiku loyamba limene aliyense amaimirira kutchula dzina lake. Konzani ulendowu mu Novembala, mutenge kope, makanema a pa foni ndi pepala limene katswiri analemba pa tsiku lomaliza lija. M'chipindamo mukhale kumbuyo pang'ono, ndipo funso loyamba likabwera, mulekeni mwanayo afotokoze yekha mmene chaka chayendera.